Amene Anazula Mapulagi

Ba Nason anali munthu wosakhulupirira malaiti a boma. Chaka chimene malaiti ankapita tsiku lonse, anakhoma sola padenga la nyumba yawo ku Chawama, n'kuika invata ndi batire kuseri kwa kabati. Zonsezi anachitira firiji, momwe munkakhala jekeseni wa shuga wa akazi awo, ba Magdalene. Batire ikatsika, invata inkalira kuti pii, pii, n'kuzima. Bambowo ankadzuka akung'ung'udza, n'kuzula pulagi ya TV, ya fani, ya wailesi, kusiya ya firiji yokha. Kenako ankabwerera pabedi akudzitama ngati amanga mlatho.

Anamwalira mu Juni. Pofika Okutobala, ndi kutentha kwake kuja, mwana wawo Gloria anagamula kuti amayi asamukire kwa iye ku Chilenje. Makinawo amayi sankawadziwa, ndipo mankhwala akatenthedwa ndiye moyo uli pachiswe. Ba Magdalene sankafuna, pakuti m'nyumbamo analoweramo ali mtsikana. Komabe madzulo ena analongedza chikwama.

Tsikulo kunali mitambo, ndipo invata inazima iwo asanagone. Anagona mumdima, atawasowa amuna awo kuposa masiku onse.

Pakati pa usiku anamva patapata zikukwekwereza pasimenti. Pang'onopang'ono. Mwendo wakumanzere ukutsalira, monga ankayendera ba Nason. Kabati inasuntha. Pulagi inazulidwa. Ina. Inanso. Kenako kunangoti zii.

Ba Magdalene anagwiritsa m'mphepete mwa matiresi. Anadikira mantha, koma mantha sanabwere.

Pii. Firiji inayamba kulira.

M'mawa anapeza chitseko chili chokhomabe ndi mkati. Gloria anafika ndi ba Chibwe, wokonza masola wa m'dera lomwelo, kuti achotse makinawo. Atamva nkhaniyo, ba Chibwe anaseka.

"Ni mwamene vimachitira ivi, amai. Mukachosako vinthu, batire imapuma, invata yauka yeka."

Gloria anafunsa kuti nanga vinthuvyo anachotsa ndani. Amayi anati si iwo, kabatiyo ndi mawondo awo opweteka aja sangaisunthe. Ba Chibwe anasuzumira kuseri kwa kabatiyo, nayang'ana mapulagi ozulidwawo kwa nthawi yaitali. Anabweza sikuludiraiva m'thumba, tiyi yemwe anakana, n'kutuluka.

Pofika masana, azimayi a pampopi anali akunong'onezana kuti malemu sanatule ntchito yawo. Ena ankati aitane abusa.

Gloria ananyamula chikwama. "Tiyeni, amai. Simungankhale mweka muno."

Ba Magdalene anamulanda chikwamacho mofatsa, anachiika pabedi, n'kuyamba kutulutsa zitenje zawo chimodzichimodzi.

"Nindani akuuza kuti nili neka?"