Tiyi Wodzaza Kapu

Arsen anakumana ndi Zhansaya m'kanyumba kodyeramo ka azakhali a mtsikanayo, kuseri kwa msika waukulu wa ku Almaty. Nthawi imeneyo matiramu, tisitima ta m'misewu tija, ankayendabe, ndipo m'munsi mwa mapiri munali minda ya maapozi, osati mipanda ya anthu olemera yomwe yamera masiku anoyi.

Mnyamatayo anakhala pakona ndi gitala lake masana onse, osagula kanthu koma tiyi. Chinamumata pampandopo chinali mawu a mtsikana amene ankaimba chapansipansi akupukuta matebulo.

Atatopa naye, Zhansaya anabwera ndi ketulo n'kumuthirira tiyi mpaka kukamwa kwa kapu. Ndani kuno sadziwa tanthauzo lake? Mlendo womufuna umamuthirira pang'ono kuti uzimuwonjezera mukucheza. Wodzaza ndi wakuti imwa uzipita.

Arsen anamwa wonsewo, lilime likupsa, kenako anaperekanso kapuyo.

"Achimwene, munakulira kuti inu?" anafunsa Zhansaya. "Ndakuthamangitsanitu!"

"Ndamva, chemwali. Koma wodzazanso amatha. Ndiye titani?"

Zhansaya anaseka mpaka chivundikiro cha ketulo chinagwa. Anamuthirira pang'ono.

Chikondi chawo chinayambira pamenepo. Arsen ankamutcha "kambalame kanga", winayo n'kumabweza kuti "mbuli yanga".

"Mapiri awa adzayamba kugwa ndisanakuthirire wodzaza, kambalame kanga," Arsen analonjeza.

"Ndipo ine, akadzandifunsa paliponse, ndidzatchula iwe."

Anapeza woimba ng'oma, Gleb, mnyamata wamtali wa nkhope yokomera zithunzi, n'kuyambitsa gulu lotchedwa Aryk, dzina la tingalande tamadzi ta m'mbali mwa misewu yathu. Arsen ankapeka, Zhansaya ankaimba, zonse m'Chirasha. Anayambira m'maukwati, kenako pa wailesi, mpaka mizinda ya Bishkek ndi Moscow inagwa nazo.

Kenako kunabwera mkulu wa kampani ina ya ku London. Ankafuna chimbale cha nyimbo zomwezo m'Chingerezi. Ankafuna mawu a Zhansaya ndi nkhope ya Gleb. Wa gitalayo ayi.

"Akuti Chingerezi changa chili ngati basi yakale ikukwera mtunda wa ku Medeu itanyamula nkhosa," Arsen anatero akuseka.

"Sindipita popanda iwe!"

"Upita. Amayi ndiwasiyira ndani ndi miyendo yawo ija? Pita ukawaonetse kuti kuseri kwa mapiri kuno kuli anthu."

Miyezi yoyamba foni sinkazizira.

"Kuno tiyi amathira wodzaza kwa aliyense. Dziko lonse likundithamangitsa! Ndakusowa, mbuli yanga."

"Imwa n'kuperekanso kapu. Ine zinanditheka."

Chimbalecho chitatuluka, abale, kunali kunyada! Dzina lake, tikalimasulira, linali Chipale Chofewa pa Maapozi. Chinalira ku Tokyo, ku Sao Paulo, ku Johannesburg. Ife amene tinali kunja zaka zimenezo, tikutsuka mbale za eni ndi kufotokozera aliyense kuti kwathu si ku Russia, tinkachimva m'masitolo n'kuima chilili, misozi ikulengeza. Kwathu nako madalaivala a takisi osadziwa liwu limodzi la Chingerezi ankachiimba chonse, molakwitsa koma mokweza.

Tsiku limene Zhansaya ankacheza ndi atolankhani pa kanema wa ku London, azakhali ake anaika kanemayo patebulo, kanyumba kodyeramo kanadzaza. Arsen anamukhazika kutsogolo ngati mkwati. Mphunzitsi wina ankamasulira.

"Akumufunsa kuti kwanu munasiya ndani," anatero mphunzitsiyo.

Anthu anayamba kumugunda Arsen pamsana. "Konzeka, mkamwini, dzina lako likuwoloka nyanja!"

Pa kanemapo Zhansaya anamwetulira, n'kugwira dzanja la Gleb. Mphunzitsiyo anatsokomola.

"Masulirani, aphunzitsi," anatero Arsen.

"Akuti... sanasiye aliyense. Akuti mtima wake uli pompo."

Arsen ananyamuka, anathokoza azakhali aja chifukwa cha tiyi, n'kutuluka.

Mauthenga anabwera ngati matalala. "Ndi bodza la malonda, mtima wanga! Kampani ndiyo inakonza. Gleb ali ndi wake. Yankha, chonde!"

Arsen anayankha kamodzi kokha: "Ndikudziwa kuti ndi bodza. Koma walinena bwino kwambiri."

Kuchokera apo foni inazizira.

Kodi kutchuka kumafunditsa munthu? Zaka zinapita, mphoto zinabwera, chikondi cha pa kanema chija chinathera pa kanema pomwepo. Zhansaya ankaima pamaso pa anthu zikwizikwi akuimba mawu a munthu mmodzi amene sankamuyankha.

Atabwerera kudzaimba kwawo, anaupeza mzinda wosauzindikira. Njanji za tiramu anazizula, kanyumba ka azakhali kanasanduka kogulitsiramo mafoni, ndipo nkhope yake inali itapachikidwa pakhoma lalitali pamene kale panali mitengo. Sanapite ku hotela. Anauza wa takisi njira ya kwa Arsen.

Anatsegula ndi mayi ake a Arsen, atatsamira ndodo.

"Apa, moni..." anayamba Zhansaya. Kwathu mayi wachikulire timamuitana kuti Apa.

"Moni wa pachitseko ayi, unaiwala? Lowa kaye. Vula nsapatozo, kuno si ku London." Anamuyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi. "Akumeneko sadyetsa ana a eni? Taona wangotsala maso."

Arsen anali kukhitchini, atavala malaya oyera. Tsitsi linali litayamba imvi m'mbali.

"Ukupita kuti?" Zhansaya anafunsa, posowa poyambira.

"Ku ukwati. Ndimaimbabe." Anamwetulira pang'ono. "Akwati amasiku ano amafuna nyimbo zanga m'Chingerezi. Ndimawaimbira, basi ya nkhosa ija. Ndikamaliza ndimawauza kuti mwini mawu ndi wa pamsika pathu pompa, ankapukuta matebulo. Amaimirira n'kuwomba m'manja."

"Ndiye sunandide?"

"Kukuda? Unachita zimene ndinakutuma. Dziko lonse likudziwa tsopano kuti kuno kuli anthu. Ndimakunyadira, Zhansaya."

Zhansaya! Osati kambalame kanga.

Mayi aja anayala patebulo mabaursaki otentha, mandasi a kwathu aja, ndi jamu, nakankhira ketulo kwa mwana wawo. "Thira wekha. Mlendo ndi wako."

Arsen anatenga kapu ya Zhansaya. Tiyi anafika pakati. Zhansaya anagwira mpweya. Ketulo sinaweramuke. Tiyi anakwera, anakwerabe, mpaka anafika kukamwa, n'kudontha pansalu.

Mapiri anali pawindo, ali chiimire.

"Arsen!" mayi ake anakalipa. "M'nyumba mwanga?"

"Musiyeni, Apa," Zhansaya anatero. "Ine ndinamuthirira wodzaza dziko lonse likuona."

Ananyamula kapuyo ndi manja awiri. Tiyiyo anali wa moto, koma sanauzire. Anamwa, misozi ikugweramo, anamwabe mpaka pansi. Arsen anayang'ana kumbali, kudikira phokoso la mpando.

Mpando sunalire.

Atatembenuka, anapeza kapu yopanda kanthu ili pamaso pake, m'dzanja la Zhansaya.

"Ndakuthamangitsatu," anatero chapansipansi.

"Ndamva, achimwene. Koma wodzazanso amatha. Ndiye titani?"

Arsen anatseka maso. Milomo yake inalimbana nako kuseka, koma inagonja.

"Wakuba iwe. Unatenga nyimbo zanga, lero watenganso nzeru zanga?"

"Mawa pabwalo padzakhala mzinda wonse, ndi makanema akunja omwe aja. Ndidzayankha funso lija kachiwiri, m'Chirasha ndi m'Chingerezi chomwe, kuti aphunzitsi asavutike. Ukhale pambali panga ndi gitala, mbuli yanga."

"Basi ya nkhosa ikwere pansanja?"

"Ndi nkhosa zake zomwe!"

Arsen ananyamula ketulo. Anathira pang'ono kwambiri, kongonyowetsa pansi pa kapu.

"Kumeneku ndiye kuumira, mwana wanga," anatero mayi ake, akupukuta m'maso ndi mpango.

"Ayi, Apa. Ndikufuna kambalame aka kazipempha wina mpaka ukalamba."