Rauta Yovala Kansalu

Kunyumba onse amamutcha Kachidwi. Mwanayu safuna kupitidwa ndi kanthu.

Lero Kachidwi ali ndi nkhani yaikulu. Mlongo wake wakhanda wayamba kuyenda! Phazi ili, phazi ilo, kenako pansi khu!

Kachidwi akufuna Amayi aone. Koma Amayi ali kutali ku ntchito. Iwo amakonza intaneti m'maofesi. Amaimba foni ya vidiyo akamapuma masana. Nthawi yopumayo ndi yochepa.

Masana ayandikira. Anawa atsala pakhomo ndi Azakhali. Koma foni ya Azakhali ilibe intaneti. Pabalaza pakumveka kulira. Tii! Tii! Tii!

"Kabokosi kaja kayamba misala," akutero Azakhali. "Ndikamenye pang'ono?"

"Ayi, Azakhali, musakamenye. Imeneyo ndi rauta, yobweretsa intaneti. Amayi amati tiziyamba taona timagetsi take."

Kachidwi akuthamangira pashelefu. Rauta ili kuti?

Azakhali ndi katswiri woluka. Tebulo lili ndi kansalu. Wailesi ili ndi kansalu. Ukangokhala phee, nawenso akufunditsa kansalu. Lero afunditsa rauta!

"Inkalowa fumbi, mwanawe," akutero Azakhali.

Kachidwi akuchotsa kansaluko. Timagetsi taoneka. Akutiyang'ana kamodzikamodzi, monga amachitira Amayi.

Koyamba n'kobiriwira. "Moto ulipo."

Kachiwiri n'kobiriwira. "Waya ali bwino."

Kachitatu n'kofiira psuu!

Kachidwi akuganiza. Moto ulipo. Waya ali bwino. Nanga vuto n'chiyani? Akuika dzanja pamwamba pa rauta.

"Mayo! Yatentha ngati ketulo!"

Akuona timabowo m'mbali mwake. Kansalu kanatseka timabowoto.

"Azakhali, rauta imapumira umu. Ikulira chifukwa yatenthedwa."

Azakhali agwira pakamwa. "Kalanga ine! Ndimati ndikuisamala."

"Musadandaule. Tiizimitse kuti izizire."

Kachidwi akuzimitsa rauta. Kulira kuja kwatha. Azakhali akutenga chivundikiro cha poto. Akuikupiza ndi mphamvu zawo zonse. Khanda likuomba m'manja.

Kachidwi akugwiranso rauta. Yazizira. Akuiyatsa.

Koyamba, kobiriwira. Kachiwiri, kobiriwira. Kachitatu kakuthwanima. Kakuthwanimabe. Kachidwi akuchita mantha. Mwina Amayi abwerera kale ku ntchito.

Kenako kachitatu kabiriwira!

Nthawi yomweyo foni ikulira. Ndi Amayi!

"Mwanawanga, ndakhala ndikuimba. Ndatsala pang'ono kubwerera ku ntchito."

"Amayi, taonani, taonani!"

Kachidwi akulozetsa foni kwa mlongo wake. Khandalo laona timagetsi tobiriwira. Laimirira. Phazi ili, phazi ilo. Phazi ili, phazi ilo. Pansi khu!

Amayi akuseka, misozi ili m'maso. "Wayenda! Mwana wanga wayenda!"

Azakhali akusuzumira mu foni. "Mlamu, ine ndinafunditsa kabokosi kanu kansalu. Wakonza ndi mwana wanuyu."

"Unadziwa bwanji, Kachidwi?" akufunsa Amayi.

"Ndinaona timagetsi, Amayi. Kamodzikamodzi, ngati inu."

"Ndakunyadira, mwanawanga. Pakhomopo pali injiniya!"

Kachidwi akuimirira njo, chifuwa patsogolo. Wasangalala kwambiri.

"Nanga kansalu kangaka?" akufunsa Azakhali.

Kachidwi akukatola. Akukaveka khanda kumutu.

"Mutu uwu ulibe timabowo, Azakhali. Kakhale chipewa!"