Awino ndi Minibasi Yosamva

Awino ndi mtsikana wa zaka zisanu ndi ziwiri. Amakhala mumzinda wa Kisumu. Awino sakonda Loweruka.

Loweruka anzake amadumpha chingwe. Awino ayi. Iye amapita ndi amayi ake ku sukulu ya makompyuta. Kunyumba kulibe munthu womusiyira.

Sukuluyi ndi ya amayi okhaokha. Ena amasoka zovala. Ena amagulitsa tomato. Amayi a Awino amaphika chapati kumsika. Onse akuphunzira kulemba mapulogalamu. Pulogalamu ndi malangizo ouza kompyuta zochita.

Awino amangokhala pabenchi. Amayang'ana kudenga. Amawerenga ntchentche.

Loweruka lina, aphunzitsi awo, a Nekesa, anapereka ntchito. Pakompyuta panali chithunzi cha minibasi. Panalinso nyumba. Panalinso dzenje.

"Iuzeni njira minibasiyo," anatero aphunzitsi. "Ikafike kunyumba."

Amayi a Awino anayamba kulemba. Ankalemba ndi chala chimodzi.

"Amayi, fulumirani," anatero Awino.

"Dikira, iwe."

Amayi anadina batani. Minibasi inayenda. Inakhota. Inagwera m'dzenje. Khu!

"Aaa!" anatero amayi.

Anadinanso batani. Minibasi inayenda. Inakhota. Inagweranso m'dzenje. Khu!

Mayi Moraa, ogulitsa tomato, anasuzumira.

"Amake Awino, minibasi yanu yaledzera kodi?"

"Musandiseke. Yanunso ili m'dzenje momwemo."

Amayi anayesa kachitatu. Khu!

Amayi anakankha mpando. Ananyamula chikwama.

"Basi, ndasiya," anatero. "Mutu wangawu ndi wa chapati. Tiye, Awino."

Awino ankafuna kupita kunyumba. Koma sanadzuke. Anakwiya kwambiri.

"Amayi! Masabata asanu ndakhala pabenchi ili! Msana wonsewu ukupweteka! Ndiye mungosiya?"

"Nanga nditani? Minibasiyi simva."

"Ine ndimamva. Ndikhale minibasi ndine. Inu muziwerenga zomwe mwalembazo."

Awino anavula nsapato imodzi. Anaiika apa. "Iyi ndi nyumba."

Anakoka dengu la zinyalala. Analiika apo. "Ili ndi dzenje."

Minibasi ya pakompyuta inayang'ana kwa amayi. Awino nayenso anaima moyang'ana kwa amayi.

"Pita kutsogolo katatu," anawerenga amayi.

Awino anayenda. Kamodzi, kawiri, katatu.

"Khotera kumanzere."

Awino anakhotera kumanzere. Anagunda dengu. Mapepala onse mbwee!

"Iwe! Ndati kumanzere!" anatero amayi. Analoza nsapato ndi dzanja lamanzere. "Uku!"

"Uko ndi kumanzere kwanu!" anakuwa Awino. Anakweza dzanja lake. "Kumanzere kwanga ndi uku!"

Amayi anayang'ana dzanja lawo. Anayang'ana dzanja la Awino. Anayang'ana minibasi.

"Ooo!" anatero. "Ndiye woledzera ndine!"

Amayi anaika chikwama pansi. Anafufuta mawu akuti kumanzere. Analemba kuti kumanja. Anadina batani.

Minibasi inayenda. Inakhota. Inaima pakhomo pa nyumba.

Amayi anaimba nthungululu. Aphunzitsi aja anabwera akuthamanga.

"Mwapeza cholakwika, mwachikonza," anatero aphunzitsi. "Ntchito yake ndi imeneyo."

Awino anavala nsapato yake. "Tsopano tizipita," anatero.

Koma Mayi Moraa anamugwira dzanja.

"Mwanawe, bwera ukhalenso minibasi yanga."

"Ayi, yanga kaye!" anatero mayi wina.

"Yanga ikungozungulira pamodzimodzi!" anatero winanso.

Awino anagwira m'chiuno.

"Aaa! Ine ndilipo ndekhatu! Imani pamzere!"

Amayi onse anaima pamzere. Awino anayenda. Awino anakhota. Awino anagunda dengu kasanu ndi kawiri. Minibasi zonse zinafika kunyumba.

Potuluka, Awino anakhala pansi pakhonde.

"Mafuta atha," anatero.

Amayi ake anaseka. Anamubereka kumbuyo ngati khanda. Miyendo ya Awino inkafika m'mawondo mwa amayi.

Panjira anakumana ndi bambo wosoka nsapato.

"Lero ndalemba pulogalamu!" amayi anamuuza.

Anakumana ndi wanjinga yamoto.

"Lero ndalemba pulogalamu!" anamuuzanso.

Anafika kwa mayi wogulitsa mango. Amayi anagula bango limodzi lothira mchere ndi tsabola.

"Mayi, lero ine nda..."

"Amayi!" anatero Awino. "Muuza Kisumu yense kodi?"

"Yense," anatero amayi. "Idya bango lako."

Awino anapumira m'mwamba. Anatsamira paphewa pa amayi ake. Analuma bango. Linali lokoma zedi.