Mchenga wa Pakhonde la Mmisiri

Mkazi wa mmisiri ankasesa pakhonde dzuwa likulowa pamene tsache linakoka mchenga wonyowa. Mvula inali itatha sabata ziwiri osagwa. Mchengawo unkanunkha matope a kumtsinje ndi bango lowola.

"Bambo, mwabwera ndi mchenga kuchokera kuntchito?"

"Ayi. Ingosesani."

Mmisiri anayankha maso ali pa fosholo imene ankatsuka. Mchengawo ankaudziwa.

Chaka chimenecho anthu, atatopa ndi madzi osefukira, anamanga khoma la matumba a mchenga pamene mtsinje umakhota. Thumba lililonse analipaka penti yofiira. Woyang'anira ntchitoyo anali mmisiri yemweyu, munthu wapakamwa pokoma pamisonkhano. Tsono iye ankamanganso nyumba yake, ndipo ankafuna kuti pansi pake patukuke kuposa pa anzake. M'bandakucha uliwonse ankasenza thumba limodzi kuchoka pakhomapo, mpaka anakwana asanu ndi awiri. Anawayala m'chipinda chogona n'kuthira simenti pamwamba.

"Matumba sayenda okha," anthu anatero ataona mpata pakhoma. Chala chinaloza mlongo wake wa mmisiriyo, mayi wamasiye wa chifuwa chosatha, amene nyumba yake inayandikana ndi khomalo. Wina analumbira kuti anamuona akuulutsa matumba usiku. Pamsonkhano wogawa malo akumtunda kwa okhala m'mphepete mwa mtsinje, dzina lake analidumpha. Mfiti ikakhale pakati pa ana athu? Mayiyo anayang'ana mlongo wake, koma mmisiri anali kuwerenga zala zake zakumapazi. Madzi atabwera analowera pampata womwe uja. Mwana wamkazi wa mayiyo anapulumukira mumtengo. Mayi mwini anamupeza m'bango patapita masiku atatu.

Kutacha tsiku la mchenga lija, mmisiri anatsegula chitseko n'kupunthwa pa thumba. Linkachucha madzi, penti yofiira ili psuu. Anathamangira kuchipinda. Simenti inalibe mng'alu ngakhale umodzi, koma atagogoda ndi chidendene pansi panalira ngati ndowa yopanda kanthu. Thumbalo anakalibisa kuseri kwa bafa, thukuta lili kamukamu.

Mawa lake panali lina. Usiku m'nyumbamo munkamveka chinthu cholemera chikukwakwazidwa, khwee, khwee, kenako wochikokayo n'kupumira.

"Bambo, mwamva?"

"Ndi makoswe."

"Makoswe amatsokomola?"

Nkhuku zinayi zinafa m'khola louma, nthenga zili chonyowa. Pakhoma la kuchipinda panaoneka mzere wa matope, wonga umene madzi amasiya akaphwera, ndipo tsiku lililonse unkakwera. Oyandikana nawo anayamba kulambalala nyumbayo, akunong'onezana kuti mfiti ija ikuvutitsa mlongo wake wosalakwa. Ena mpaka anabwera kudzamupepesa. Chifundo chawocho n'chimene chinamudya mmisiri kuposa phokoso la usiku.

Tsiku lachisanu mkazi wake anapita kuseri kwa bafa kukataya madzi, n'kupeza matumba amene mmisiri ankabisako. Atabwerako anamanga zovala za ana.

"Mukupita kuti, amayi?" anafunsa mmisiri.

"Penti ija ndinapaka nawo ndi manja angawa, bambo. Ndinatukwana nawo alamu anga pamsonkhano. Ine nkhope ndiiika kuti?"

Tsiku lachisanu ndi chiwiri mzere uja unafika m'khosi mwa munthu woimirira. Kumtunda kunachita mdima wa mvula, ndipo wowerenga mlingo wa madzi anayamba kuliza wezulo kuti mtsinje ukukwera. Mpata uja unali chikhalire, chifukwa panalibe wolimba mtima wokagwira pamalo pa mfiti.

Mmisiri anakweza matumba pa wilibala dzuwa lili pamutu, n'kudutsa mumsewu waukulu. Gudumu linkalira ngati likuitana anthu. Telala anaimitsa makina. Amayi a pampopi anasiya ndowa zikusefukira. Palibe anafunsa kanthu, penti yofiira inkalankhula yokha. Iye ankalakalaka wina atamugenda, koma anthu anangomutsatira mwakachetechete, mitu ili pansi, poti aliyense ankakumbukira zimene pakamwa pake pananena.

Pampata paja anapeza mwana wa mlongo wake ataima.

"Ikani apa, amalume," anatero mtsikanayo. "Amayi ankakuonani pawindo m'mawa uliwonse. Pamsonkhano paja nditafuna kuimirira, ananditsina. Anati, khala chete, amalume ako ali ndi ana aang'ono, angawathamangitse."

Mmisiri anagwada kuti atsitse thumba loyamba. Kumbuyo kwake, pafupi ndi khutu, wina anatsokomola chifuwa chija anachizolowera kuyambira ali ana. Mantha anali atamuthera kale. Chimene chinamuumitsa khosi kuti asacheuke ndi manyazi.