Timawanga ta pa Mano a Nsofwa

Kunyumba kwa a Kapambwe ku Mtendere tsiku linkayamba ndi pemphero, ndipo mwana wawo Nsofwa ankaimba kwaya. Vuto lake linali limodzi: timawanga toyera pa mano awiri akutsogolo, ngati wina anadonthezapo laimu. Anthu sankationa n'komwe, koma iye ankationa ngakhale m'madzi a m'ndowa.

Atasankhidwa kukavina pamzere pa ukwati wa msuweni wake, anayamba kulota masana. Ali m'minibasi, ankadziona akulowa m'holo nyimbo ikuyenda pang'onopang'ono, anthu onse ataimirira, mano ake akuwala mbee. Kondakitala ankachita kumugwedeza kuti atsike.

Mayi ake anapita naye kwa dokotala wa mano.

"Sitizaboola, sitizasema," anatero dokotalayo. "Tizaika mankhwala yoloba mu chikamba cholimba cha pamwamba pa dzino, monga vanishi mu pulanga, mawanga yazasila. Koma nkhama zatupa, ziyambe zapola. Mubwele mwezi wa mailo."

Koma ukwati unali woti uchitike mwezi wamawawo usanafike. Panjira Nsofwa analira.

"Lindila, mwana wanga," anatero mayi ake. "Meno si vikhadabo, siyamelanso."

Koma kumsika kunali Mwango, mtsikana wokonza zikhadabo, wa pakamwa potsekemera. "Iwe, madokota bachedwesa chabe. Ndimu, soda na fayilo, kwasila. Unibweletsele chitenge chija chanyowani cha bamami bako."

Nsofwa anatsegula sutikesi ya mayi ake iwo ali kumapemphero a amayi. Anatenga chitenge chija n'kupita nacho kwa Mwango.

Mwango akupala mano aja ndi fayilo ya zikhadabo, Nsofwa anatsinzina. Holo ija inabwereranso, maluwa akugwa kuchokera kudenga, iye akuyandama pakati pa anthu. Atatsegula maso n'kupuma, mpweya wokha unamubaya mpaka m'mutu.

Pa tsiku la ukwati anavina atatseka pakamwa, misozi ili lengelenge. Madzi ozizira sanathe kumwa. Ndipo pakati pa alendo panali Mwango, atatchena chitenge chija. Mayi Kapambwe anayang'ana chitengecho, kenako mwana wawo. Nsofwa analakalaka akanamukalipira.

Mwezi utakwana, dokotala anayang'ana mano aja, achikasu tsopano, n'kupukusa mutu. "Mankhwala yaja yafunika chikamba. Wachipala chonse. Manje tizasema ndithu, tivalike meno ya kupanga."

Nsofwa anagwada pomwepo. "Bamami, nikhululukileni."

Mayi ake anamudzutsa. "Nakukhululukila. Chitenge nizagula china. Nanga chikamba nizachigula kuti?"

Ana inu, akakuuzani kuti dikirani, dikirani. Kusamvera kunamuphunzitsa Nsofwa kuba, ndipo kunamulanda chimene Mulungu amapereka kamodzi kokha. Mpaka lero, akamaimba kwaya m'mawa wa m'nyengo yozizira, amaphimba pakamwa ndi dzanja.