Mawu Makumi Anayi Opita Pansi pa Nyanja

Darlene anakumana ndi Wendell pamalo odikirira basi ku Groton, tauni ya padoko ku America, mvula ikuwaza. Wendell anali msilikali wa sitima yankhondo yoyenda pansi pa nyanja, ndipo pakamwa pake panali uchi wokhawokha.

"Basi ikachedwa usadandaule, shuga wanga. Ndine ndaipempha kuti isabwere msanga."

Darlene anaseka, zinthu n'kuyambira pomwepo.

Chaka chisanathe, sitimayo inanyamuka ulendo wa miyezi isanu ndi umodzi. Lamulo lake tonse kuno tinkalidziwa. Uthenga wopita kwa amuna a m'sitima unali mawu makumi anayi basi, iwo sankayankha, ndipo nkhani yoipa sinkaloledwa, poti munthu wosweka mtima pansi pa madzi angaphetse anzake.

Mwezi wachitatu Darlene anagwa m'chikondi ndi Curtis, wowotcherera zitsulo padoko. Tisamunamizire, mtsikanayu sanafune kubisa. Analemba zoona zokhazokha, koma mayi wa ku ofesi yotumiza mauthenga atawerenga anamubwezera pepalalo.

"Izi sizitsika pansi, mwanawe. Lemba zina."

Akanangosiya kulemba! Koma akanatani, poti kukhala chete nakonso amuna aja amadziwa tanthauzo lake? Analemba za galu wake, za kuzizira, n'kumaliza ndi mawu akuti, "Ndikukudikira." Ankadziuza kuti si bodza, akumudikiradi kuti amuuze. Chikumbumtima chinamudya mpaka madiresi anayamba kumukhwepa.

Tsiku lobwerera, akazi a asilikali anachita maere monga mwa mwambo, kuti aone woyamba kupsompsona wake. Anzake anali atamulembetsa osamuuza, ndipo maerewo anagwera iye. Anamukankhira kutsogolo akukuwa dzina lake.

Wendell anayamba kutsika yekha, atawonda, akununkha mafuta a makina. Anamukumbatira mwamphamvu n'kumuuza kuti mauthenga aja ndiwo anamusunga, moti akuluakulu atamupempha kuti asainenso zaka zina zinayi, anakana.

"Ntchito ndaisiya, shuga wanga. Sindidzakudikiritsanso."

Kenako anagwada pamaso pa doko lonse, mphete ili m'manja. Anthu anaomba m'manja. Darlene anachita manyazi oti nthaka ing'ambike alowemo, misozi ili mbwembwembwe.

"Dzuka, Wendell, chonde," ananong'ona. "Pali uthenga umodzi umene sanalole kuti ukupeze."