Chimwala cha a Kadzidzi

Izi si zongopeka ayi. Mlonda wa pamalopo ndi mlamu wanga, ndipo mowa salawa.

Pamalo oonera nyenyezi paja panali mayi wamasamu, wowerengera njira za miyala yoyenda m'mlengalenga. Akulu ake pantchito, amene anthu ankawatcha a Kadzidzi poti ankagona masana, ndiwo anatulukira chimwalacho: chachikulu ngati bwalo la mpira, chakuda bii ngati makala, chogubuduzika kamodzi pa maola asanu. Anachijambula masiku awiri okha. Tsiku lachitatu kunachita mitambo, lachinayi akuluwo anagwa pamakwerero, osadzukanso. Chimwala chinasowa.

Tsono zithunzi za masiku awiri sizikwana. Masamu ankati njira yake yozungulira dzuwa imadutsana ndi ya dziko lathuli, koma zoti chidzatiphonya kapena chidzatigunda, anali duu. Zaka zisanu ndi chimodzi mayiyo akuchisaka, maso psuu, mwana wake kukulira kwa azakhali. Anatopa, abale inu, kutopa kofika m'mafupa. Mabwana anamupatsa sabata imodzi yomaliza. Ikatha, makina ojambulira nyenyeziwo apite ku ntchito zina.

Sabata imeneyo mvula inagwa ngati yatumidwa. Loweruka mayiyo anangokoka unyolo kutseka denga la chipinda cha makinawo, kukhoma chitseko, ulendo kukagona.

M'mawa anapeza mlonda akumudikira pageti.

"Mayi, munabweranso usiku?"

"Ine? Ayi."

"Mvula itakata denga linatseguka. Ndinamva unyolo, kenako munthu kutsokomola."

"Kiyi ali ndi ine."

"N'chifukwa chake sindinakwereko."

Mayiyo anakwera yekha. M'chipindamo munkanunkha mankhwala opaka msana, omwe aja a malemu. Mpando unali wotsitsidwa, poti akuluwo anali aafupi. Makina analoza kumene iye sanaganizeko n'komwe. Pa kompyuta panali zithunzi zinayi. Nyenyezi zonse zili phee. Kadontho kamodzi kakusuntha.

Anawerengera tsiku lonse. Yankho linatuluka madzulo: chimwala chidzadutsa kutali, kuposa kumene kuli mwezi. Analira, kenako anaseka yekha ngati wamisala.

"Mwachipeza, bambo," ananong'ona. "Kapumeni tsopano. Nane ndikapumeko."

Anatenga chikwama, nazimitsa nyale. Ali pakati pa makwerero, unyolo unalira. Kwe. Kwe. Denga linayamba kutseguka. Pansi paja mlonda anavula chipewa.

Makina anatembenuka pang'onopang'ono. Anasiya kumene kunali chimwala chija. Analoza kwina, m'munsi, kumene dzuwa linali litangolowa. Anaima.

Kutsokomola. Kawiri. Muja malemu ankachitira akafuna munthu abwere adzaone.

Mayiyo anakhala pamakwerero nthawi yaitali, mutu uli m'manja. Kenako anaimbira foni azakhali a mwana.

"Mugonekeni, alamu, asandidikire," anatero. "Kuli chimwala china."